Kugula ATV Yoyamba: Yambani ndi Katundu, Injini Ibwere Pambuyo

Zikomo a wapampando, zikomo amayi ndi abambo nonse. Nkhani yathu ndi ya ATV, njinga yamoto ya matayala anayi ija. Ambiri mwa ife kuno ku Indiana ndi kutsidyaku ku Michigan tsopano tili ndi nyumba za malo aakulu kunja kwa tauni, ndipo ena mwayamba kupita kokasaka agwape ndi anzanu akuntchito. Munthu akafuna kugula, funso lake loyamba limakhala lakuti, "Ndigule ya ma cc angati?" Limenelo lisungeni kaye. Yambani ndi awa: idzanyamula chiyani, idzakoka chiyani, nanga idzayenda pa nthaka yotani? Mukayankha amenewa, kukula kwa injini kumadziwika kokha.

Ma ATV alipo a mitundu iwiri. Ena ndi amasewera, monga Yamaha Raptor. Amenewa amayendera tcheni, amakoka ndi matayala akumbuyo okha, alibe kaliyala, ndipo pa ntchito yanu ya pakhomo sangakuthandizeni. Ngakhale wina akupatseni motchipa, asiyeni. Ofunika ndi antchito, okhala ndi kaliyala kutsogolo ndi kumbuyo, pokolekapo ngolo, ndiponso okoka ndi matayala onse anayi. Mwa amenewa, munthu woyamba kumene ayang'ane a injini ya pakati pa 400 cc ndi 570 cc: Honda Rancher 420, Honda Foreman 520, Yamaha Kodiak 450, Polaris Sportsman 450 kapena 570, Suzuki KingQuad 500. Onsewa amakoka ngolo ya nkhuni, amakankha chipale chofewa pakhomo, amatulutsa gwape m'tchire. Za 850 kapena 1000 cc zija n'zolemera kwambiri, zimamwa mafuta, ndipo chala chikangokankha mafuta mopitirira pang'ono, njinga yakusiyani pansi. Pa ntchito ya pakhomo simudzafika n'komwe pa theka la mphamvu yake.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Pa kaliyala aliyense pamakhala chomata cholembedwa kulemera kumene angasenze. Anthu ambiri sachiwerenga. Pa Honda Rancher, kaliyala wakutsogolo amasenza mapaundi 66, omwe ndi makilogalamu 30, wakumbuyo mapaundi 133, makilogalamu 60. Pa Yamaha Kodiak 450 ndi makilogalamu 40 kutsogolo, 80 kumbuyo. Tengani manambala amenewa muwaike pambali pa gwape. Gwape wamkazi, mutachotsa zam'mimba, kawirikawiri amalemera makilogalamu 45 kapena 50. Ameneyo akwana. Koma tonde wamkulu wa kuno amatha kufika 80, ena mpaka kupitirira. Mukamumangirira kumbuyo kwa Rancher, mwadumpha kale malire musanaikepo chikwama ndi mfuti.

N'chimodzimodzi ndi thanki yopopera mankhwala m'munda. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Thanki ya magaloni 25 imalowa malita pafupifupi 95, ndiye kuti makilogalamu 95, osawerengera thankiyo ndi pampu yake. Palibe kaliyala mwa awiri ndatchulawa amene angasenze zimenezo. Ya magaloni 15, yomwe ndi malita 57, ndiyo yoyenera, ngakhale pa Rancher musaidzaze chifukwa thankiyo ndi pampu zimalemeranso, kapena mugule yokhala pa ngolo yakeyake. Komanso madzi sakhazikika. Thanki ikakhala theka, mukamakhota madzi onse amathamangira mbali imodzi, n'kukankha njinga pa nthawi imene yapendekeka kale.

Vuto la katundu wopitirira si kuthyoka kwa kaliyala ayi. Chitsulocho n'cholimba. Vuto n'lakuti katundu amakhala pamwamba komanso kumbuyo kwa matayala. Tonse tinaonapo wanjinga yakapalasa atasanja matumba a makala pa kaliyala, akafika pachitunda tayala lakutsogolo n'kunyamuka. ATV imachitanso zomwezo, koma iyo imalemera makilogalamu pafupifupi 300, ndipo ikagudubuka chagada imagwera pachifuwa cha woyendetsa. Anthu ambiri amene amafa pa njinga zimenezi amafa chifukwa chogudubuka kapena kuponyedwa. Ndiye gawani katundu, gawo limodzi kutsogolo, magawo awiri kumbuyo, mumumange ndi malamba okoka, asagwedere. Gwape wamkulu muikeni pa chikoka cha pulasitiki kapena m'kangolo, mumukoke pansi. Pokwera chitunda, thupi lanu lipite kutsogolo, ngakhale kuimirira kumene. Potsika, bwererani kumbuyo. Ndipo chitunda chikwereni molunjika, osachidula cham'mbali muli ndi katundu.

Pa nkhani yokoka, Rancher inalembedwa makilogalamu 385, Kodiak 450 makilogalamu 600. Koma kukoka n'kosavuta, chovuta n'kuima. Ngolo zing'onozing'onozi zilibe mabuleki. Nkhuni zaziwisi zodzaza ngolo zimalemera kuposa njingayo, ndipo pamtsetse, udzu uli wonyowa, ngolo imakankha matayala akumbuyo n'kuwatembenuzira cham'mbali. Ngati malo anu ali ndi zitunda, nyamulani theka la nambala yolembedwayo, mupite maulendo awiri. Palinso nambala ina yaing'ono imene imaiwalika, ya kulemera kumene mkono wa ngolo umatsamira pa chokolekera. Pa Rancher ndi Kodiak 450 ndi makilogalamu 14 kapena 15 basi. Sanjani katundu pamwamba pa matayala a ngolo. Ndipo chingwe chokokera musachimange pa kaliyala, chimangeni pa chokolekera chapansi, chifukwa kukoka kuchokera pamwamba kumadzutsa mutu wa njinga.

Tibwere ku magiya. Polaris, Yamaha, Can-Am ndi ma KingQuad aakulu amagwiritsa ntchito lamba, njira imene amaitcha CVT. Simusintha giya, mumangokankha mafuta. N'zosavuta kwa wophunzira. Koma pa ndodo yake pali H, giya ya liwiro, ndi L, giya ya mphamvu, ndipo anthu amapsereza malamba chifukwa chokoka katundu ali pa H. Mukamayenda pang'onopang'ono ndi katundu wolemera pa H, lamba amaterereka, amatentha, mumamva fungo la labala wopsa, kenako pamalo popsapo pamadyeka ndipo njinga imayamba kudukiza ponyamuka. Lamulo lake ndi ili: mukamakoka, mukamakankha chipale, mukamakwera chitunda kapena kuyenda m'matope, ikani L. Mukadutsa m'madzi akuya n'kuona injini ikulira koma njinga sikusuntha, madzi alowa m'bokosi la lamba. Pansi pake pali kotsekera, tsegulani madzi atuluke, lamba aume, musakakamize. Honda Rancher ndi Foreman zilibe lamba, zili ndi magiya achitsulo. Zina mumasintha ndi phazi, zina ndi batani, zina zimasintha zokha. Kwa munthu amene ntchito yake yaikulu ndi kukoka, ine ndimakonda zimenezi, ndipo yosintha ndi phazi ndiyo ili ndi zinthu zochepa zoti n'kuwonongeka.

Werameni muyang'anenso kumbuyo kwake. Zina matayala awiri akumbuyo amalumikizidwa ndi chitsulo chimodzi chowongoka. Zotere sizinyontchoka zikasenza, ndipo sizivuta kusamala, koma m'njira ya miyala zimagwedeza msana. Zina tayala lililonse limadziyendera palokha. Izi n'zofewa, zimadutsa bwino pa zitsa ndi mizu, koma zili ndi malabala ambiri ophimba mfundo za ma axle, zitsulo zozungulitsa matayala zija, ndipo timitengo timawang'amba. Ngati malo anu ndi athyathyathya ndipo ntchito ndi ya ngolo, tengani yachitsulo chimodzi. Ngati mudzayenda maola m'tchire, tengani inayo. Chiwongolero chothandizidwa ndi magetsi, EPS, chimakweza mtengo, koma n'chaphindu. Tayala likagunda chitsa, chigwiriro sichikukwapulani m'manja, ndipo tsiku lokankha chipale mapewa satopa.

Pa kapinga yendani pa 2x4, kutanthauza kukoka ndi matayala akumbuyo okha, ndipo muzikhota motakasuka. Matayala akumbuyo amazungulira limodzi, choncho pokhota mothina lam'kati limakanda udzu. Dziwaninso kuti ATV si thalakitala. Ilibe potulutsira mphamvu yoyendetsa zida, ndiye makina otchetchera okokedwa ayenera kukhala ndi injini yawoyawo.

Eya, mayi, funsani.

Mayi akufunsa ngati angamakwere awiri ndi bambo akunyumba, kapena kunyamulapo ana. Yankho ndi ayi, ngati njingayo inapangidwira munthu mmodzi. Mpando wake ndi wautali kuti woyendetsa azisuntha thupi kutsogolo ndi kumbuyo, osati kuti pakhale wachiwiri. Wachiwiriyo amakhala kumbuyo kwa matayala, pomwe paja tanena kuti katundu amadzutsa mutu. Zilipo za anthu awiri, zotalikirapo, zokhala ndi chotsamira ndi zopondapo. Ndipo ngati banja lonse lizikwera, ganizirani za side-by-side, zimene anthu amakhala moyandikana ngati m'galimoto, monga Kawasaki Mule, Polaris Ranger kapena Honda Pioneer, zokhala ndi malamba omangira, zitsulo zotchinga pamwamba ndi bokosi lotsitsa katundu. Kunena zoona, pa ntchito ya pakhomo yokha zimaposa ATV, kungoti n'zodula ndipo sizilowa tinjira tothina. Mwana wosakwana zaka 16 asayendetse ATV ya akuluakulu, zinalembedwa panjinga pomwepo. Alibe thupi lolemera mokwanira kuti aibweze ikayamba kupendekeka. Kuno ku Indiana, kuyambira 2017, lamulo limati aliyense wosakwana zaka 18 avale helemeti. Akuluakulunso valani, yokhala ndi chizindikiro cha DOT, nthambi ya boma la America yoona za mtengatenga. Mukapeza ya matayala atatu ikugulitsidwa motchipa, dziwani kuti opanga anasiya kugulitsa zatsopano zotere ku America mu 1988 chifukwa cha ngozi. Musaigule.

Ambiri mudzagula yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo palibe cholakwika, bola muiyese bwino. Muuzeni mwini wake asailize musanafike. Gwirani injini ndi dzanja, ikhale yozizira, chifukwa injini yotentha imabisa matenda. Ikalira, onani utsi. Wobiriwira ngati mtambo ndiye kuti ikuwotcha oilo. Tsegulani bokosi la sefa ya mpweya, lili pansi pa mpando. Mukapezamo mzere wa matope ouma kapena fumbi kuseri kwa sefa, njingayo inamira kapena inameza dothi, ndipo mkati mwa injini mwadyeka. Sololani kandodo ka oilo, mutsegulenso potsirira oilo wa ma diff, mabokosi a magiya a pakati pa matayala, kutsogolo ndi kumbuyo. Oilo wooneka ngati tiyi wamkaka ali ndi madzi. Ikwezeni pa jeke, gwirani tayala pamwamba ndi pansi, muligwedeze. Likamagogoda, ma bearing kapena mfundo zatha. Pitani ndi tochi, muone malabala a ma axle aja mmodzimmodzi. Labala akang'ambika girisi amatuluka, mchenga umalowa, ndipo mumamva kuti tcha tcha tcha pokhota. Onani felemu pansi ngati inawotcheredwapo kapena kupindika. Yerekezani maola ndi mamailosi pa mita: maola ambiri koma mamailosi ochepa ndiye kuti inkagwira ntchito yolemetsa pang'onopang'ono, monga kukankha chipale. Ya matayala akuluakulu amatope ndi mapaipi opumira otulukira pamwamba, isiyeni, mwini wake ankasewera nayo m'madambo. Pomaliza, nambala ya VIN ya pafelemu, ya zilembo ndi manambala 17, ifanane ndi ya pa mapepala. Ma ATV amabedwa kwambiri, ndipo yopanda mapepala idzakuvutani kulembetsa.

Mukaika ndalama pambali, musaiwale zowonjezera: helemeti, winchi, makina okokera ndi chingwe, yotha kukoka kulemera kwa mapaundi 2,500 kapena 3,000, makwerero okwezera pa pikapu, ndi choyezera mpweya chapadera. Matayala a ATV amafuna mpweya wochepa kwambiri, pafupifupi 4 mpaka 7 psi malinga ndi mtundu wake, ndipo choyezera cha galimoto sichiwerenga bwino pamenepo. Tayala limodzi likaposa linzake ndi 1 psi yokha, njinga imakokera mbali. Matayala ofewawa ndi chifukwa chinanso chosayendera pa tara. Amagwira msewu mwadzidzidzi pokhota, njinga n'kupidiguka m'malo moterereka. Makwerero aja muziwamanga ndi lamba ku galimoto musanakwere, chifukwa matayala akumbuyo amawakankhira kunja njinga ili pakati, n'kugwa nanu chagada.

Kwa alenje, musaganize kuti mukagula ATV ndiye kuti mulowa nayo paliponse. Ku Indiana malo ambiri aboma osakirako salola, malo aboma oyendetserako ndi monga Redbird ndi Interlake, kum'mwera. Pa malo a munthu, pemphani chilolezo. Ku Michigan, pa nyengo yosaka agwape ndi mfuti, kuyambira pa 15 mpaka pa 30 November, saloleza kuyendetsa m'malo osakirako anthu onse kuyambira 7 mpaka 11 koloko m'mawa komanso 2 mpaka 5 koloko masana, kupatula pa zifukwa zochepa monga kukatenga nyama imene mwapha, ndipo pamenepo muyende pang'onopang'ono. Werengani kabuku ka DNR, nthambi ya boma yoona zachilengedwe, ka chaka chimenecho. Mfuti ikhale yopanda zipolopolo, ili m'chikwama chake, yomangidwa motsatira utali wa njinga kuti isakole mitengo. Njingayo muiimike patali ndi pobisalira panu, kumene mphepo ikupita, mutsirize ndi miyendo, chifukwa gwape amamva fungo la petulo ndi utsi. Ndipo musaimike pa udzu wouma wautali, paipi ya utsi imayatsa moto.

Nyengo ikatha, njinga zambiri zimangokhala miyezi m'galaja. Petulo wa kuno amakhala ndi ethanol, amakoka chinyezi, ndipo m'njinga zakale za kabuleta amauma n'kutseka timabowo ta mafuta. Thirani mankhwala osungira petulo m'thanki yodzaza, muilize mphindi 10 kuti afike paliponse, batire muilumikize ku kachaja kosunga moto. Bambo kumbuyoko mwakweza dzanja, tiyeni timve funso lanu.