Kuchokera ku Joni: PLL ikakana kuloka, bandwidth ikhale yomaliza kugwira

Moni nonse ku Mzuzu, makamaka achimwene ndi achemwali okonza zipangizo pa nsanja za netiweki, ndi ophunzira a ku Mzuni amene mumatimvetsera. Kuno ku Johannesburg ndi July, m'mawa chisanu chimachita kumata pa magalasi a galimoto, ndipo nyengo ino ndi imene makabati a panja amasowetsa amisiri tulo. Lero tikambe za chip yosunga nthawi, monga Si5348 kapena LMK05318, ikamakana kuloka. Mkati mwake muli PLL, gawo limene limatsatira siginecha ya nthawi yochokera kunja; likagwirizana nayo timati chip yaloka.

Ambiri akaona LOL (loss of lock, chizindikiro choti chip sinaloke) yayaka amathamangira kusintha bandwidth, muyezo wa liwiro limene PLL imatsatirira siginecha yolowa. Chonde musatero. LOL ndi utsi chabe, moto uli pena. Lumikizani pa I2C kapena SPI (njira zolankhulira ndi chip), fufutani kaye ma flag akale, poti ena amakhalabe oyaka vuto litatha kale, kenako muwerengenso. LOS ikuti palibe chimene chikulowa. OOF ikuti chikulowa, koma frequency yatuluka m'malire.

Yambani ndi wotchi ya pa bodi pomwepo, TCXO kapena OCXO, mitundu iwiri ya wotchi ya crystal yopirira kusintha kwa kutentha. Nthawi zambiri chip imayezera zolowa zonse pa wotchi imeneyi, ndiye ikasokonekera, siginecha yabwinobwino imaoneka ngati yolakwika. Muyezo wa G.8262, wa mawotchi a SyncE (kutumiza nthawi pa Ethernet), umafuna kuti wotchi yoyenda yokha isasochere kupitirira 4.6 ppm (magawo 4.6 pa miliyoni). OCXO ili ndi kauvuni mkati. Imafuna mphindi zingapo kuti itenthe, ndipo pa nthawiyo imakoka magetsi ambiri. Kukazizira imachedwa kwambiri. Kwanuko taganizani nsanja ya pa Viphya mbandakucha wa June: magetsi athima, jenereta yachedwa, bodi yayaka ili yozizira. Ngati regulator ndi yofooka, 3.3 V imatsika, OCXO siikhazikika, chip nkumangolowa ndi kutuluka mu holdover, pamene imayendera frequency imene inakumbukira. Yezani pa mwendo wa OCXO pa nthawi yoyatsa yeniyeniyo, osati patapita ola. Onaninso fani. Mphepo yake ikamaomba pa TCXO, frequency imayendayenda mofulumira kuposa mmene loop yopapatiza ingakonzere. Kachivindikiro ka pulasitiki kamathetsa zimenezo.

Kenako zolowa. Siginecha ya LVDS, yoyenda pa mawaya awiri, imafuna resistor ya 100 ohm pafupi ndi miyendo ya chip, ndipo ma capacitor a 0.1 µF akhale onse awiri. Oscilloscope igwire pa chip, osati pa connector. Kuno ma labu ali ndi makina oyezera phase noise, koma kunena zoona mavuto ambiri amagwidwa ndi oscilloscope ndi multimeter zomwe muli nazo kale. Pa waya wa kopa wa 1000BASE-T (Ethernet ya gigabit), port iyenera kukhala slave kuti itenge nthawi kuchokera kutali. Ndipo link ikaduka, PHY zina (ma chip a pa port ya Ethernet) zimapitiriza kutulutsa wotchi ya crystal yawo, yololedwa kusiyana mpaka 100 ppm. Yatsani squelch, imene imatseka wotchiyo link ikaduka, kuti chip isatsatire wotchi yabodzayo.

Polemba ma register pa banja la Si534x (momwe muli Si5348), tumizani preamble (malamulo otsegulira), dikirani 300 ms, kenako zotsalazo ndi postamble (malamulo otsekera). Wolemba pulogalamu akadumpha kudikirako, bodi imaloka lero, mawa ayi.

Tsopano ndiye bandwidth. Pa SyncE ya option 1 imakhala pakati pa 1 ndi 10 Hz, ndipo kuloka sikuchedwa. Pa 1PPS ya GNSS (pulse imodzi pa sekondi yochokera ku setilaiti monga GPS) imatsika pansi kwambiri pa 1 Hz, choncho pamafunika mphindi zambiri. Mukamangoyatsanso chifukwa chotopa kudikira, mukuyambitsa zonse pachiyambi. Gwiritsani fast lock, ndipo malire a LOL asakhale othina kuposa jitter (kunjenjemera kwa nthawi) ya chimene chikulowa.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi timing loop: switch ya ku Katoto ikutenga nthawi kwa ya ku Luwinga, ya ku Luwinga nayonso kwa ya ku Katoto. Zonse zionetsa kuti zaloka, pamene zikusochera limodzi, ndipo netiweki ya TDD, yotumiza ndi kulandira mosinthana pa frequency imodzi, imalola nthawi kusiyana ndi 1.5 µs yokha. Onetsetsani kuti ESMC (mauthenga ouza ma switch ubwino wa wotchi) ikuyenda, ndipo port yoyang'ana kumene nthawi ikuchokera ikubweza QL-DNU, uthenga woti "musagwiritse ntchito nthawi iyi".