Makalata a Omvera: "Chabwino..." ya Apongozi

Takulandiraninso omvera athu a mu Lusaka, a ku Matero, Chilenje, Kalingalinga, ndi inu amene mwapanikizana m'minibasi pa Great East Road. Sabata ino makalata ambiri akudandaula za anthu oyankha mwachidule pa foni. Ndiyambe ndi iyi, yochokera kwa mayi wina wa ku Chawama amene wapempha kuti dzina lake tisalitchule.

Akuti: "Achimwene a pa wailesi, ndinalembera apongozi anga a ku Katete pa WhatsApp kuti chaka chino sitibwera ku Kulamba chifukwa ndalama zathera ku fizi ya ana. Ndinalemba zambiri, ndi kupepesa komwe. Iwo anangoyankha kuti 'Chabwino...' ndi timadontho titatu kumapeto. Tulo sindikutiona. Kodi akwiya?"

Mayi, mundikhululukire, ndinaseka kaye, kenako chifundo chinandigwira. M'mabuku timadontho timeneti timasonyeza kuti pali mawu amene asiyidwa, kapena kuti wolankhula wasiyira mawu panjira. Ndiye inu mutaona mpata mwayamba kudzazamo nokha, ndipo munthu akamadzaza pakati pa usiku saikamo zabwino. Koma taganizani: apongozi anuwo anaphunzirira kulemba pa foni ya mabatani, nthawi imene SMS imodzi inkangolola zilembo 160, ukapitirira walipira ziwiri. Akuluakulu ambiri amaika madontho pamene akanapumira mpweya polankhula. Mudzaona alemba kuti "Mwadzuka bwanji... kuno mvula yagwa... mbuzi ija yabereka..." Nanga mbuziyo yakwiyitsa ndani?

Komabe ndisakunamizeni, mwina akhumudwadi. Kulamba imachitika kamodzi pachaka, kumapeto kwa August ku Mkaika, pamene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo agogo aliyense amafuna kuonetsa anzake adzukulu ake a m'tauni. Mwambo wathu mukuudziwa, mayi sakalipira mkazi wa mwana wake maso ndi maso. Amangoti "tamva", n'kuyamba kufunsa za nkhuku. Koma pakhonde mumaona nkhope yawo, mumamva ndi mmene mawuwo atsikira. Pa foni zonsezo palibe. Ndiye pano ndikudzudzuleniko pang'ono: nkhani ya apongozi sitilemba pa WhatsApp ngati tikuitanitsa thumba la makala. Gulani talk time, muwaimbire, muyambe ndi moni wa m'mudzi wonse. Ndiponso amuna anu ali kuti pankhaniyi? Kalata yonse sindinawaonemo, chonsecho awa ndi amayi awo. Bambo, ngati mukumvera, foni ija ilire lero lomwe.

Mnyamata wa ku Kanyama akuti analembera chibwenzi chake uthenga wautali wachikondi, yankho linabwera loti "K". Mphwanga, mayi a ku Chawama aja anapatsidwako zilembo 8. Iwe chimodzi. Ndalama ya mphatso uyambe waisunga.

Bambo ogulitsa tomato ku Soweto Market akuti wangongole wawo amangoyankha kuti "Mawa..." Bambo, mawa la madontho silicha. Mupiteko ndi miyendo.

Mlongo wa ku Mtendere akuti amaona foni ikusonyeza kuti amuna ake akulemba, akulembabe, kenako zii. Mwina batire yatha ndi magetsi athu awa. Mwinanso afufuta mawu amene akanakupwetekani, muwaphikire kapenta wabwino.

Tsono amalume atatu andilembera dandaulo lofanana, ndipo ili landifika pamtima. Mwezi ukangoyandikira kutha, mwana wa mlongo wako amene chaka chonse sakupatsa moni amatumiza mawu amodzi: "Amalume..." Basi. Akufuna iwe ufunse wekha kuti "kwagwanji?", kuti mawa adzanene kuti iye sanapemphe, unachita kufuna wekha. Ana inu, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ngati ndi fizi nenani fizi, ngati ndi renti nenani, ndi kuchuluka kwake komwe. Ndipo ikalowa pa mobile money, zikomo wake alembedwe wathunthu, osati kachala koloza kumwamba kaja.

Uthenga womaliza wabwera wopanda dzina, wopanda moni, muli timadontho titatu tokhatokha. Bambo kapena mayi, tawerenga zonse. Mukamadzalembanso muikeko dera limene mukukhala, tidzakupatseniko moni.