Kuchoka mu ofesi ya akaunti n'kuyamba kulangiza makasitomala

Moni nonse. Vidiyo ya lero ndi yanu inu amene mwakhala zaka mukutseka mabuku kumapeto kwa mwezi, kuwerengetsa msonkho wa pa malipiro (PAYE), kutumiza msonkho wa VAT ku MRA pa intaneti kudzera pa Msonkho Online, koma tsopano mtima uli pa ntchito yolangiza makampani ena.

Chimene chimasintha kwambiri ndi funso limene mumayankha. Ku akaunti amakufunsani kuti, "Mwezi wathawu zinayenda bwanji?" Kasitomala amafunsa kuti, "Nanga ndichite chiyani?"

Kumbukirani Novembala 2023, pamene Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Wa mu ofesi ya akaunti anakhala pansi kuwerengeranso ngongole za ndalama zakunja pa mtengo watsopano, n'kulemba m'mabuku zimene kampani yaluza. Ntchito yofunika ndithu. Koma mwini bizinesi yoitanitsa katundu ku Johannesburg mutu unali pa zina. Mitengo ndikweze lero, kapena katundu wakale ayambe watha? Ondigulitsa aja angalole kuti ndizilipira pang'onopang'ono? Nanga malipiro a antchito mwezi uno achokera kuti? Mlangizi amalipidwa kuti ayankhe mafunso amenewa, munthuyo ali pamaso pake, nkhope ili gwa.

Apa ndi pamene inu muli ndi mwayi, ndipo ambiri sadziwa. Mumadziwa kumene manambala amabisala. Mukangoona lipoti mumazindikira kuti ngongole iyi siidzabwezedwa, kapena kuti katundu wolembedwa papepalayu mu sitolo mulibe. Zimenezi siziphunzitsidwa m'kalasi.

Chovuta n'kumvetsera. Tinazolowera kufika ndi yankho lokonzakonza. Mukakumana ndi kasitomala koyamba, mulekeni alankhule. Vuto limene atchule poyamba nthawi zambiri si lenilenilo: adzati msonkho wachuluka, chonsecho ndalama zikuthera kwa anthu otenga katundu pa ngongole osabweza.

Dziwaninso kuti m'makampani olangiza, monga Deloitte kapena EY, maola anu ndiwo malonda. Mumalemba kuti ola lililonse mwagwirira kasitomala uti. Kuli maulendo, kuli kugwira mpaka usiku. Ngati mumakonda ntchito yodziwika poyambira ndi pothera, ganizani kawiri, ndipo kukhalabe ku akaunti si kulephera ayi.

Mapepala a ukatswiri wa akaunti, a mabungwe a ICAM kapena ACCA, amatsegula khomo. Koma pa intavyu adzakufunsani za vuto limene munathetsa, osati ntchito zimene munkagwira tsiku ndi tsiku. Pofotokoza, zinsinsi za kampani yanu yakale zisiyeni komweko. Kasitomala sangakhulupirire munthu woulula za ena.

Poyambira ndi pomwe mulipo. Lipoti la mwezi uno musangolitumiza pa imelo. Pitani nalo kwa mkulu wa zamalonda, mumufotokozere m'mphindi zisanu popanda mawu a akaunti, kenako mumuuze chinthu chimodzi chimene inu mukanasintha.