Saikoloni ya utuchi mu shedi ya matabwa: mmene imagwirira ntchito ndi pomwe imalepherera

[Kamera ili mu shedi, pulena ikulira, kenako ikuthimitsidwa]

Muli bwanji akuluakulu, amisiri anzanga nonse kaya muli konkuno ku Salima, ku Chipoka, ku Nkhotakota kapena ku Dwangwa. Lero nkhani ndi utuchi. Amene muli ndi pulena yamagetsi kapena sowo ya patebulo mukudziwa kale, mukapala matabwa a paini m'mawa wonse shedi imangoti mbuu, utuchi m'mutu, m'makutu, ndiye ena munagula vakyumu kapena makina okoka utuchi aja a chithumba koma simukusangalala nawo chifukwa poyamba amakoka bwinobwino kenako mphamvu ija imangotha. Mota siinafe ayi. Fyuluta yatsekeka ndi fumbi, mpweya ukusowa podutsa. Mukutumula, muyambiranso, posakhalitsa yatsekekanso, ndipo kukutumulako fumbi lonse likubwerera kumaso kwanu.

Chomwe chimathetsa zimenezi ndi saikoloni, ndipo nonse munaiona kale. Pitani pachigayo chilichonse, yang'anani chilata chija chokhala ngati fanulo yaikulu, chotambalala pamwamba chosongoka pansi, pomwe amayi amatchera thumba kapena beseni kuti ufa ugwere. Ndi imeneyo. Fani ya chigayo imauluza ufa mupayipi, ufawo ukalowa muchilatamo umazungulira nkugwa pansi, mpweya nkutulukira pamwamba. Kumafakitale opota ndi kupuntha thonje amagwiritsanso ntchito zomwezi pochotsa zinyalala mu mpweya. Ife tikungoitenga nkuiika pakati pa makina athu a matabwa ndi chokokera chija.

[Akuonetsa saikoloni itakhala pamwamba pa diramu]

Taonani apa. Mkati mwake mulibe chilichonse chozungulira, mulibe mota, mulibe sefa, ndi lata lokha basi. Nzeru yonse ili pa payipi yolowerayi. Siilowa molunjika pakati, imalowera cham'mbali mopendeka kutsata khoma, ndiye mpweya ukangolowa ndi liwiro ulibe kochitira mwina, uyenera kuzungulira. Zili ngati minibasi ikamakhota pakona mothamanga, anthu nonse mumakankhikira kuchitseko, ndipo wolemera ndi amene amapanikiza anzake kwambiri. Utuchi ndi wolemera kuposa mpweya, umaponyedwa kukhoma, pakhomapo umakhulana ndi lata nkutaya liwiro, nkumatsetsereka mozungulira mpaka kugwera mu diramu. Mpweya ukafika kunsi kosongoka kuja umatembenuka nkupanga kavuluvulu wina wamng'ono pakatikati, wokwera m'mwamba, nkutulukira mupayipi iyi ya pamwambayi kupita ku vakyumu.

Payipi ya pamwambayi, chonde tamverani, iyenera kulowa mkati ndithu, kutsika mpaka kupitirira pang'ono kunsi kwa bowo lolowera. Mukangoimata pamwamba osailowetsa, utuchi umangolowa uku nkudumphira uko osazungulira nkomwe, ndiye mwangowononga lata.

James Dyson, mzungu wa ku Britain wa mavakyumu odziwika aja, nzeru yakeyo anaitengera pa saikoloni ya pa fakitale yocheka matabwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, atatopa ndi thumba la vakyumu lomwe limangotsekeka. Ndiye chinthuchi kwao ndi kumatabwa komwe kuno.

Tsopano kukula kwake. Apa ndi pomwe ambiri amanamizana, amati yaikulu ndiye yabwino. Ayi. Saikoloni imadalira liwiro la mpweya, ndiye mukatenga chivakyumu chaching'ono chapayipi ya mamilimita 50 nkuchilumikiza ku chisaikoloni chachikulu ngati cha pachigayo, mpweya ukalowa umafooka, suzungulira mwamphamvu, fumbi limangoyandama nkupitirira. Vakyumu imafuna kasaikoloni kakang'ono kokhala pa chidebe cha malita 20. Makina aakulu aja a fani, a payipi ya mamilimita 100 kapena kuposa, ndi amene amafuna yaikulu ya pa diramu.

Pali muyezo wina womwe akatswiri amautcha 1D3D, ndi wosavuta kuuloweza. Mutenge kukula kwa kamwa la pamwamba, tinene masentimita 40. Chigawo chowongoka cha pamwamba chitalike masentimita 40 omwewo, chigawo chosongoka chitalike katatu, 120. Payipi yotulukira pamwamba ikhale theka, 20, ndipo bowo la pansi lomwe utuchi umagwera likhale 10. Muyezo umenewu ndi wa makina a fani ya mota ya mahosipawa awiri kapena chapompo, osati vakyumu. Mukaujambula bwino papepala, amisiri okhoma zidebe ndi mbaula aja pamsika atha kukupindirani, kungoti muwauze kuti msoko wa mkati ukhale wosalala, pasakhale marivetsi otuluka kapena lata lopindikira mkati chifukwa chilichonse chotumphuka chimasokoneza kuzungulira kuja. Ogula zopangidwa kale, dzina lotchuka ndi Dust Deputy ya kampani ya Oneida ku America, ndipo palinso zina zapulasitiki zochokera ku China zofanana nayo. Ngati ndalama zavuta palinso njira ya Thien baffle, thabwa lozungulira lodulidwa mpata m'mbali lomwe mumaika mkati mwa diramu pansi pa chivundikiro. Pa fumbi losalala siifika pa saikoloni yeniyeni koma zipalo za pulena imazigwira bwino ndithu.

[Kamera ikuyandikira pa chivundikiro cha diramu]

Koma chomwe ndikufuna musaiwale ndi ichi, diramu isapume. Pasakhale kabowo ngakhale kamodzi. Chifukwa chake nchakuti mkati monsemu mpweya ukukokedwa, ndiye chivundikiro chikakhala ndi mpata, mpweya wakunja umalowera pansi nkumakwera kudzera pabowo lomwe utuchi ukufuna kugwera, nkuunyamulanso kupita nawo ku fyuluta. Munthu amadzangoona kuti diramu ili pafupifupi yopanda kanthu koma thumba ladzaza, nkumati saikoloni ndi bodza, pomwe vuto ndi chivundikiro. Dulani chubu chakale cha njinga kapena cha galimoto, muchimate kuzungulira mkamwa mwa diramu, mumange ndi lamba wachitsulo uja wa madiramu a buluu, molumikiza monse mupake silikoni. Poyesa, yatsani makina, muyatse koyilo ya udzudzu nkumaiyendetsa pang'onopang'ono m'mbali mwa chivundikiro ndi m'misoko. Pomwe utsi ukukokedwera mkati, pamenepo ndiye pakudontha. Koyiloyo muigwire patali ndi utuchi, ndipo diramu ikhale yokhuthula.

Chinanso diramu isadzaze mpaka pakamwa. Ikafika chapamwamba kavuluvulu uja amayamba kutola zomwe zagwa kale, ndipo pulena imadzaza diramu msanga kuposa mmene mungaganizire. Bowolani kawindo m'mbali mumatepo pulasitiki yoonekera mkati kuti muzisuzumira. Amene mukugwiritsa vakyumu samalani ndi zidebe zopyapyala, payipi ikatsekeka ndi chiduswa cha thabwa chidebe chimafwaphira mkati, ndiye ikani mphete ya pulayiwudi mkati kapena lowetsani chidebe m'chidebe chinzake.

Ndinenenso chilungamo, saikoloni imadya mphamvu pang'ono ya kukoka, chifukwa kuzunguliritsa mpweya si kwaulere. Koma mphamvu yotsalayo imakhala yomweyo tsiku lonse m'malo moyamba mwamphamvu nkumafa. Kuti musataye ina, mapayipi akhale aafupi, makona akhale otambalala osati okhota mwadzidzidzi, ndipo payipi yamakwinya ija ichepe. Kuti zipalo zisagone mupayipi mpweya umafunika kuthamanga pafupifupi mamita 20 pa sekondi, ndiye mukatsegula makina atatu nthawi imodzi pa fani imodzi yaing'ono musadabwe payipi ikatsekeka, tsekani komwe simukugwirako.

[Akutseka chitseko cha shedi, akuyatsa tochi]

Tsopano mbali yomwe imandidetsa nkhawa. Taonani mu kuwala kwa tochiyi, tinthu tikuyandamati. Tsitsi la munthu limanenepa pafupifupi mamaikironi 70, ndipo maikironi imodzi ndi milimita imodzi yogawidwa ka 1,000. Fumbi lomwe limalowa mkati mwenimweni mwa chifuwa ndi la mamaikironi 10 kutsika pansi, ndipo ndi lomwelo lomwe saikoloni imavutika kuligwira chifukwa ndi lopepuka kwambiri, limangotsatana ndi mpweya nkutulukira pamwamba. Ndiye diramu ikadzaza zipalo shedi nkuoneka yoyera musaganize kuti mapapo apulumuka. Mu 1995 bungwe la IARC, nthambi yofufuza za khansa ya WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, linaika fumbi la matabwa m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu, makamaka khansa ya m'mphuno, ndipo chiopsezo chachikulu chinaoneka pa mitengo yolimba. Kwathu kuno mitengo yolimba ndi imene makasitomala amafuna pa zitseko ndi mabedi, mlombwa, mbawa. Kuwonjezera apo pali mphumu, chifuwa chosatha, maso kuyabwa. Bolodi la MDF, lija lopangidwa ndi timaulusi ta mitengo topanikizidwa pamodzi, ndiye fumbi lake ndi losalala zedi ndipo muli guluu wa mankhwala.

Choncho kuseri kwa saikoloni kukhale fyuluta yabwino, kapena ngati shedi yanu ili pamalo otakasuka tulutsani payipi ya mpweya kunja, koma osati kuloza pakhomo pa aneba kapena pomwe amayi akugulitsa mandasi. Ndipo popala ndi sandipepala valani masiki ya N95 kapena FFP2 yogwira bwino pamphuno, kansalu kaja sikatchinga fumbi limeneli. Ndikudziwa kutentha kwa Salima mu Okutobala, masiki imanyowa thukuta munthu umangofuna kuivula, koma mabwana eni mashedi chonde agulireni anyamata anu, chifukwa amene amapatsidwa ntchito ya sandipepala tsiku lonse nthawi zambiri ndi wophunzira, mwana wamng'ono kuposa onse.

Za moto, musamakokere zothetheka za girayinda kapena za kuwotcherera mu diramu ya utuchi. Kamoto kakang'ono kamatha kunyeka mwakachetechete mkatimo nkudzayaka usiku inu mutapita kunyumba, ndiye muzikhuthula poweruka. Zipalo za pulena za paini zouma bwino alimi a nkhuku amazifuna zoyala m'khola, ndipo popeza zagwera mu diramu osati padothi zimakhala zopanda mchenga ndi misomali, mungothira m'matumba. Koma tsiku lomwe mwacheka MDF kapena matabwa opakidwa mankhwala a chiswe, utuchi umenewo musaupereke ku nkhuku ndipo musaphikire, khuthulani diramu padera musanayambe.

Mu vidiyo yotsatira tijambula muyezo uja pa lata ndi kulipinda. Amene muli ndi makina kale lembani m'munsimu kukula kwa mota ndi payipi yanu kuti tiwerengere limodzi saikoloni yokwanira.