Mayina 320 a ku Port Chicago

Moni nonse omvera, kumudzi ndi kuno kunja. Mundikhululukire mawu asasa, ndangoweruka kumene ntchito ya usiku. Koma nkhani ya lero yandikhala pamtima chibwerereni ku Port Chicago Loweruka lapitali, ndiye sindikanatha kugona ndisanakuuzeni.

Dzinalo lisakusokonezeni, si mzinda wa Chicago uja ayi. Ndi doko la kuno ku California, pafupi ndi Concord. Lili mkati mwa kampu ya asilikali, moti munthu sungangofika, umayamba walembetsa kukadali masabata angapo.

Pa 17 Julaye 1944, nkhondo yachiwiri yapadziko lonse ili mkati, padokopo panali sitima ziwiri, E. A. Bryan ndi Quinault Victory. Yoyambayo inali italongedwa matani oposa 4,000 a mabomba ndi zipolopolo zopita kunkhondo ya ku Pacific. Nthawi itangodutsa 10 koloko usiku, zonse zinaphulika. Anthu 320 anafera pomwepo, 202 mwa iwo anali akuda. Mitembo imene anatha kuizindikira inali 51 yokha.

Masiku amenewo gulu la asilikali apamadzi la America linkasankha anthu potengera khungu. Onyamula mabomba anali akuda, mabwana onse azungu. Anyamatawo sanaphunzitsidwe bwino kagwiridwe ka zinthu zoopsazo, ndipo mabwana ena ankachita kubetcherana kuti gulu la ndani lilonga mwachangu.

Abale anga, pamenepa mpamene ndinatsamwa. Inetu ndimagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu, ndipo kamakina kam'manja kamawerenga mabokosi amene ndanyamula pa ola. Ukachedwa pang'ono kapitawo wafika kale pambuyo pako. Msana umalira, manja amachita dzanzi. Koma ine bokosi likandipulumuka chimasweka ndi sopo. Iwowo ankathamangitsidwa chimodzimodzi atagwira bomba.

Pamalopo sipachuluka zoti munthu aone. Zitsa za mitengo ya doko lakale zikuonekabe m'madzi, ndipo pamtunda pali chitsulo chochokera ku sitimazo, chopindika ngati lata lomwe mphepo yasasula padenga. Kenako miyala yolembedwa mayina. Ndinayamba kuwerenga limodzilimodzi ndikuyendetsa chala, mphepo ikuomba kuchokera ku Suisun Bay. Sindinafike kumapeto.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi zimene zinatsatira. Opulumukawo ndi amene anatola zidutswa za matupi a anzawo. Patangotha masabata atatu anawauza kuti akayambirenso kulonga mabomba kudoko lina la Mare Island, kagwiridwe ka ntchito kali komweko. Amuna 258 anakana. Sanakane nkhondo, anakana kufa imfa yomwe anali atangoiona ndi maso. Mwa iwo, 50 anazengedwa mlandu woukira akuluakulu n'kugamulidwa zaka 8 mpaka 15 m'ndende. Thurgood Marshall, loya wa NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda, amene pambuyo pake anadzakhala woweruza woyamba wakuda m'khoti lalikulu la America, anapita kukamvera mlanduwo ndipo anawamenyera nkhondo. Anatulutsidwa nkhondo itatha, koma chitonzo chinatsala. Boma linadzawayeretsa pa 17 Julaye 2024, patapita zaka 80, eni ake onse ali m'manda.

Nditaima pamenepo ndinakumbukira agogo anga aakazi ku Ntcheu. Ankatisimbira za bambo awo, amene anagwidwa pa mtengatenga nthawi ya nkhondo ya Chiwaya, yoyamba yapadziko lonse ija, kusenza katundu wa asilikali pamutu kulowera kumpoto, kumalire a Ajeremani. Anabwerako mafupa okhaokha, anzawo ambiri anatsala m'njira ndi njala ndi kamwazi. Nkhondo yomweyo ndi imene John Chilembwe anailembera kalata mu 1914, kudandaula kuti Afirika akukafera mkangano wa eni. Ndili mwana ndinkamva ngati nthano za kumoto. Pamiyala ija mpamene ndinazindikira kuti munthu amene anasenza katundu uja, magazi anga enieni, dzina lake sindikulidziwa.

Nditangotuluka pageti ndinawaimbira mayi. Kumudzi unali usiku, koma anayankha. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Dikira mwanawe, kukacha ndikawafunse amalume ako aakulu." Mpaka pano foni ili pambali pangapa, ndikudikira.