Ulendo wa tchuthi kwa munthu amene ali ndi lamba pa chifu

Moni nonse amene mukumvetsera. Lero ndikulankhula makamaka ndi inu amene munachitidwa opaleshoni yochepetsa thupi, ija yomanga lamba pa chifu, imene madokotala amaitcha gastric band, ndipo tsopano mukukonzekera ulendo wa tchuthi. Inenso lamba ameneyu ndili naye, ndipo zambiri zimene ndinene pano ndinazidziwa nditavutika nazo ndekha pa ulendo.

Ndiyambe ndi za m'ndege... ayi, pepani, ndisanafike kumeneko ndikumbutse kaye mmene lambayu amagwirira ntchito, chifukwa ena mwa inu mukumvetsera m'malo mwa amuna anu kapena akazi anu, ndipo mwina simunaloweko m'chipinda cha adokotala. Lambayu ndi wa silikoni, chinthu chofewa chonga mphira, amazungulira kumtunda kwa chifu n'kusiya kathumba kakang'ono pamwamba, kamene kamadzaza ndi chakudya cha masupuni ochepa chabe. Mkati mwake muli mbali yofufuma ngati baluni, imene imalumikizidwa ndi kapaipi kupita ku kachipangizo kamene kali pansi pa khungu la pamimba, kamene timangoti port. Adokotala akabaya singano pa port n'kuthiramo madzi amchere, lamba amathina, ndipo akapopako madziwo, lamba amamasuka. Musaiwale zimenezi, chifukwa nkhani yonse ya lero yagona pa kuthina ndi kumasuka kumeneku.

Ngati opaleshoni yanu ndi ya posachedwa, nkhani ya tchuthi muyambe mwaikambirana ndi adokotala amene anakuchitani. Zipatala zimasiyana pang'ono, koma kawirikawiri munthu amakhala pafupifupi masabata 2 akumwa zamadzimadzi zokha, masabata ena 2 akudya zopota, kenako zofewa, ndipo amafika pa chakudya cholimba patapita masabata 6 kapena kuposerapo. Kuyenda ulendo wautali mkati mwa nthawi imeneyi n'kudziputira mavuto, makamaka poti munthu amene wangochitidwa opaleshoni magazi sachedwa kumuundana m'mitsempha ya m'miyendo akakhala pansi maola ambiri.

Tsopano pa mfundo imene ine ndinalakwitsa, ndipo pamenepa ndichedwapo. Musalole kuti akuwonjezereni madzi m'lamba ulendo utayandikira. Ndibwereze, chifukwa ndikudziwa kuti wina pakati panu wakonza kale zopita kukathinitsa lamba sabata yomweyo yonyamuka, poganiza kuti ku tchuthi kumakhala zakudya zambiri ndiye lamba akamugwire dzanja. Maganizo amenewo ndi amene ndinali nawo ine. Ndinapita kuchipatala kutatsala masiku 4 kuti ndinyamuke, ndinawachonderera anamwino kuti awonjezereko pang'ono, ndipo za ulendo sindinawauze, poti ndinkadziwa kuti akana. Nditabwerera kunyumba madzi ankadutsa, yogati ankadutsa, ndiye ndinati zonse zili bwino. Chimene sindinkachidziwa n'chakuti lamba akangothinitsidwa, chifu chimatupa pang'ono pamalo pamenepo, ndipo pamatenga masabata kuti munthu adziwe ngati muyezo watsopanowo wamuyanja. Siyani masabata angapo pakati pa kuwonjezera madzi ndi tsiku lonyamuka, ndipo ngati nthawi yachepa, pitani ndi lamba mmene alili, mudzathinitse mukabwerako. Ngati muli kale ndi chilungulira, kapena mumatsokomola usiku mukagona, kapena chakudya chimakubwererani kawirikawiri, uzani achipatala musananyamuke, chifukwa nthawi zina iwo amasankha kupopako madzi pang'ono kuti muyende momasuka.

Tabwerera ku ndege tsopano. Ndege ikakwera m'mwamba, mpweya wa mkatimo umakhala wopepuka ngati wa pamwamba pa phiri lotalika mamita 1,800 mpaka 2,400, ndipo mpweya uliwonse umene watsekeredwa penapake umafufuma. Ngati m'lamba munatsalira timathovu ta mpweya, timakula, komanso thupi limasunga madzi munthu akakhala pampando nthawi yaitali, choncho anthu ambiri a lamba amamva kuti wathina kuposa masiku onse. Ine atabweretsa chakudya m'ndegemo ndinatenga buledi wofewa ndi kachidutswa ka nkhuku, ndinatafuna mwachangu poti mayi amene anali pafupi nane ankandicheza, n'kumeza. Nthawi yomweyo ndinamva ngati mwala wakhala pakati pa chifuwa, ululu unakwera mpaka kumsana, malovu okhuthala anayamba kudzaza m'kamwa, ndipo ndinalakwitsanso kachiwiri pomwera madzi kuti chakudyacho chitsike. Musachite zimenezo. Chakudya chikatsakamira pa lamba, madzi alibe podutsa, amangosanjikana pamwamba pake, ululu n'kuwonjezeka, kenako zonse zimabwerera kukamwa. Chimene muyenera kuchita ndi kusiya kudya, kusiya kumwa, kuimirira, n'kuyenda pang'onopang'ono kufikira chitatsika chokha kapena chitatuluka. Ine ndinatha pafupifupi ola lathunthu m'kachimbudzi ka m'ndege, anthu akugogoda pachitseko.

Ndiye m'ndege muzimwa madzi pang'onopang'ono, kam'kamwa kamodzi nthawi imodzi, ndipo ngati njala yakugwirani, idyani yogati, supu kapena chakumwa cha mapuloteni. Mabwalo a ndege ambiri salola zamadzimadzi zopitirira mamililita 100 m'chikwama cha m'manja, choncho nyamulani mapaketi a ufa wa mapuloteni ndi botolo lopanda kanthu, mukathire madzi mutadutsa pofufuzidwa. Sankhani mpando wa m'mbali mwa kanjira kuti muzidzuka mosavutitsa anzanu, ndipo funsani adokotala za masokosi othina aja oteteza magazi kuundana. Ena amaopa kuti port ilira pa makina ofufuzira zitsulo, koma kawirikawiri silira, ndipo ikalira, kalata ya adokotala ndi imene idzakuyankhireni.

Kalata imeneyi... dikirani, ndimalize kaye za ine, chifukwa vuto silinathere m'ndege. Nditafika ku hotela, m'mawa mwake ndinayesa dzira, linabwerera. Ndinayesa tiyi, nayenso anabwerera. Chakudya chikatsakamira kamodzi, malo a pa lamba amatupa, ndipo munthu amayenera kukhala tsiku lathunthu pa zamadzimadzi zokha, tsiku lotsatira pa zofewa, asanabwerere ku zolimba. Ine zimenezi sindinazitsate, ndinkangoyesa chino ndi chino, ndipo kusanza kulikonse kunkawonjezera kutupa. Pofika tsiku lachiwiri ngakhale madzi sankadutsa, milomo inauma, mkodzo unada, ndipo ndikaimirira ndinkachita chizungulire. Chipatala choyamba chimene ndinapitako anandilandira bwino, anandiika diripi, koma analibe singano yoyenera. Port siibayidwa ndi singano wamba, imafuna singano yapadera yotchedwa Huber, imene nsonga yake siiboola mphira wa port moti n'kuyamba kuchucha. Anachita kunditumiza kuchipatala china chakutali, kumene adokotala odziwa za malamba anapopa madzi a m'lamba, ndipo pasanathe mphindi zochepa ndinamwa kapu ya madzi n'kuimva ikutsika. Masiku 3 a tchuthi changa anathera pamenepo.

N'chifukwa chake ndikunena za kalata. Pemphani achipatala chanu akulembereni kalata yonena mtundu wa lamba wanu, tsiku la opaleshoni, kuchuluka kwa madzi amene ali mkati pakali pano, ndi malo amene port ili. Ijambuleninso pafoni. Musananyamuke fufuzani chipatala cha kumene mukupitako chimene chimachita maopaleshoni ochepetsa thupi, mulembe dzina lake ndi nambala yake papepala, chifukwa mukadzadwala simudzakhala ndi mphamvu zofufuza pa intaneti. Pogula inshuwalansi ya ulendo, auzeni kuti muli ndi lamba. Ndikudziwa bambo wina wa m'gulu lathu la anthu a malamba amene anabisa zimenezi kuti alipire zochepa, tinamuchenjeza tonse koma anati iye sadwaladwala, ndiye atadwala kunja kampaniyo inakana kulipira ponena kuti sanaulule, ndipo ngongole ya chipatala anaibweza yekha kwa nthawi yaitali.

Za kadyedwe ku hotela, malamulo ake ndi omwe aja a kunyumba, kungoti ku tchuthi munthu amawaiwala. Choopsa kwambiri ndi chakudya chodzigawira wekha, pamene mbale zandandalikidwa patebulo lalitali ndipo mtima ukukuuzani kuti munalipira kale. Yendani kaye muone zonse musanatenge kanthu, kenako tengani mbale yaing'ono ija ya zipatso, osati yaikulu. Yambani ndi zomanga thupi, monga nsomba yofewa, mazira, kapena nyama yophikidwa mpaka kufewa yokhala ndi msuzi, kenako ndiwo zamasamba zophika, ndipo zina zonse zibwere pomalizira ngati malo atsala. Dulani tizidutswa tating'ono ngati chikhadabo cha chala chaching'ono, tafunani ka 20 kapena kuposerapo mpaka chakudya chisalale m'kamwa, ikani foloko pansi, dikirani pafupifupi mphindi imodzi, ndiyeno mutengenso. Pakatha mphindi 20 siyani, ngakhale m'mbale mutatsala chakudya. Ndikuona ngati pamenepa ena asokonezeka, akuganiza kuti ndikunena kuti mumalize mbale yonse m'mphindi 20. Ayi, sindikutero. Ndikunena kuti mudye pang'onopang'ono, ndipo nthawiyo ikakwana mulekere pomwepo, chotsalacho chibwerere kukhitchini.

Zimene zimakonda kutsakamira mukuzidziwa: buledi wofewa amene amaumbika ngati phula, nyama yowotcha youma, mpunga, pasta, chinanazi ndi zina za ulusiulusi, makoko a zipatso. Chakudya chachilendo chimene simunachidyepo, chilaweni pang'ono masana muli pafupi ndi chipinda chanu, osati muli m'basi ya alendo kapena m'boti. Kumbukiraninso kuti ambiri a ife lamba amathina m'mawa n'kumasuka madzulo, ndiye chakudya cham'mawa cha ku hotela, ngakhale chikhale chokopa chotani, si nthawi yoyeserera. Ine ndimayamba ndi chakumwa chofunda, n'kudikira, kenako yogati. Amayi ena amaonanso kuti lamba amathina akatsala pang'ono kuyamba msambo, choncho werengani masiku anu pokonza ulendo.

Musamwe pamene mukudya, ndipo mukamaliza dikirani pafupifupi mphindi 30. Koma pakati pa chakudya ndi chakudya muzimwa ndithu, malita 1.5 mpaka 2 pa tsiku, ndipo kumalo otentha kuposa pamenepo. Munthu wa lamba sangagugude botolo lonse nthawi imodzi ludzu likamupeza, choncho botolo lizikhala m'manja tsiku lonse. Zakumwa za gasi zimatupitsa mimba ndi kupweteka, zisiyeni. Mowa umadutsa pa lamba mosavuta, chimodzimodzi ayisikilimu ndi chokoleti, ndipo n'zimene zimabwezera thupi ku tchuthi. Mayi wina amene tinadziwana kuchipatala anabwerako ku tchuthi akudandaula kuti wanenepa pamene chakudya cholimba sichinkadutsa n'komwe, ndipo titamufunsitsa zinapezeka kuti masabata awiri onse anakhalira ayisikilimu ndi zakumwa zotsekemera, poti n'zokhazo zimene sizinkamupweteka. Lamba wake anali wothina kwambiri, ndipo anamwino anali atamuuza kale kuti apopeko madzi asanapite, iye n'kukana poopa kunenepa. Mowa winanso vuto lake n'lakuti ukalowa m'mutu munthu amaiwala kutafuna.

Ndatsala pang'ono kuiwala za kutsekula m'mimba ndi kusanza kobwera ndi chakudya kapena madzi oipa. Kwa munthu wina aliyense zimenezi n'zosautsa chabe, koma kwa ife kusanza mobwerezabwereza kungachititse kuti chifu chitererekere pamwamba pa lamba, ndipo nthawi zina zimenezo zimafuna opaleshoni yamwadzidzidzi. Imwani madzi a m'botolo lotsekedwa kapena owiritsa kumene simukuwakhulupirira madzi, pewani ayisi ndi zakudya zosaphika, ndipo pemphani adokotala akulembereni mankhwala oletsa kusanza, makamaka osungunuka m'kamwa, pamodzi ndi mapaketi a ORS. Ngati mumachita nseru m'galimoto kapena m'sitima yapamadzi, imwani mankhwala ake ulendo usanayambe.

Pa nkhani ya mankhwala omwewa, mapiritsi akuluakulu amatha kutsakamira ngati chakudya, ndiye funsani a ku famase ngati anu angathe kuphwanyidwa kapena ngati alipo amadzimadzi, chifukwa si piritsi lililonse limene limaloledwa kuphwanya. Mankhwala opha ululu a mtundu wa ibuprofen amakanda chifu, ndipo ambiri a ife tinauzidwa kuwapewa. Ngati mukupita kudera la malungo ndipo akupatsani doxycycline woti akutetezeni ku malungowo, auzeni za lamba, chifukwa mankhwala amenewa akachedwa kummero amawotcha, ndipo amafunika kumwera madzi okwanira munthu ali chikhalire kapena chiimire, osati pogona. Mankhwala onse, mavitamini ndi kalata ija zikhale m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi imene ingasochere.

Pomaliza nditchule zizindikiro zimene simuyenera kudikira nazo mpaka mutabwerera kwanu. Ngati madzi akukana kudutsa kwa maola ambiri, musafike nazo tsiku lathunthu, ndipo ngati ngakhale malovu anu omwe simukutha kumeza, pitani nthawi yomweyo. Chimodzimodzi ngati mukumva ululu waukulu pamimba kapena pachifuwa umene sukusiya, ngati mwasanza magazi, ngati thupi latentha ndipo pamalo a port pafiira kapena patupa, kapena ngati mwendo umodzi watupa n'kumapweteka kapena mukubanika pambuyo pa ulendo wautali. Mukafika pa chipatala, musanafotokoze china chilichonse, nenani kuti muli ndi gastric band, muwapatse kalata ija, ndipo muwafunse ngati ali ndi singano ya Huber ndi munthu wodziwa kupopa madzi m'lamba. Akati alibe, apempheni akuimbireni chipatala chija munachilemba papepala, akutumizeni kumeneko tsiku lomwelo.