Pasipoti yanu isachoke m'manja mwanu pachipata

Eya, zikumveka? Chabwino. Abale anga, nkhani ya mmene mungawolokere paboda popanda mavuto, mwandifunsa ambiri, ndiye ndingoyankha kamodzi.

Pasipoti onani tsiku lothera musananyamuke, mayiko ambiri amafuna ikhale itatsala ndi miyezi 6. Za visa, chilolezo cholowera dziko lina, mukudziwa kale. Tsamba la chithunzi lija lijambuleni pa foni, mutumizire m'bale wanu.

Tsopano apa, apa mvetserani. Mukafika pachipata tsikani m'galimoto, muime pamzere nokha. Musapatse... ayi, ndibwereze, musapatse munthu wina pasipoti kuti akakudinditsireni. Ine zinandionekera. Kunabwera mnyamata wotchena bwino, akuti mayi musavutike, mzerewu ndi wautali, ndipatseni ndi kangachepe. Anabwera nayo yodinda bwinobwino, ine mpaka kuthokoza. Pobwerera, wa imigireshoni kuyang'ana pa kompyuta, dzina langa mulibe. Chidindo chabodza. Kwa iwo ndinali munthu wolowa mozemba, ndinagona m'chitokosi masiku atatu. Ndiye akakudindirani musachoke pawindo, tsegulani muone tsiku, muonenso masiku amene akupatsani. Osati amene munapempha inu, ayi, amene alembedwawo.

Wina akuti nanga ife opanda pasipoti? Ozembetsa anthu adzakuuzani kuti palibe vuto, tidzera kutchire usiku, tiwoloka mtsinje, kapena mubisale kumbuyo kwa lole. Mu kontena mulibe mpweya, abale anga. Mu Marichi 2020 ku Tete anapeza anthu 64 ochokera ku Ethiopia atafera mu kontena. Ku San Antonio, ku America, mu 2022 anafa 53 chifukwa cha kutentha m'lole. Anthu amene anali atatsanzika kwawo kuti akupita kukasaka moyo.

Msuweni wanga tinamuletsa, sanamve. Akuti ndalipira theka, zotsala ndikayamba ntchito. Atangowoloka anamulanda foni, kumutsekera m'nyumba, kumaimbira makolo kuti tumizani zina. Ngongole ija ndiye chingwe chomwe amakumangirani. Pamenepo sikulinso kuwolotsa, kwasanduka kugulitsa munthu.

Ndinali pati... eya, amene mwakodwa kale. Lowezani pamtima nambala imodzi, chifukwa foni ndi imene imayamba kulandidwa. Mukapeza mpata thawirani kupolisi kapena ku ofesi ya kazembe wa dziko lanu. Bungwe la IOM, loona za anthu osamukira mayiko ena, limathandizanso ofuna kubwerera kwawo. Aboma angakusungeni, angakubwezeni, inde, koma pangano la United Nations la chaka cha 2000 limalimbana ndi wozembetsayo, osati inu wozembetsedwa.

Iii, ndikanaiwala. Zidindo ndi ziwiri. Chotulukira mbali ino, cholowera tsidya linalo. Ena akadinditsa chimodzi amakwera basi n'kugona. Ziwiri, ndipo zonse muzione ndi maso anu.